Yankho la Atate Linali 12

Sukulu ya Nyamatope,
Kavalamanja, Luangwa.
12 Febuluwale, 2023.

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Katete. Nanga mwendo uja unaleka kuwawa? Mvula ikugwa bwanji? Ine ndiliko, thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Ndalemba kalata monga tinapangana, poti pafoni makutu anu salola, ndipo timauthenga ta pafoni munati ndi ta anthu aulesi. Ngakhale mukanamamva, kuno netiweki timakaipeza pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo tsiku lina imakulandira ndi mawu akuti wafika ku Zimbabwe pomwe phazi lako lili m'Zambia. Kalatayi ndapatsa mayi wina wogulitsa nsomba amene amapita ku Briji ya Luangwa, iye akapereka kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata. Ikafika ikununkha pende musadabwe.

Andipatsa kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya ahedi. Kutentha kwa kuno, Atate, simunakuonepo. Aphunzitsi anzanga onse ali ndi mabanja, belu likangolira aliyense amalowera kwake. Ine ndimakhala pakhomo kuyang'ana Zambezi mpaka dzuwa litapendeka. Ana akayamba kucheza m'chinenero chawo cha Chikunda ndimangogwira mawu amodzi mwa asanu, ndipo ndikayankhula ine amaseka, ati madamu alankhula ngati wailesi. Lamulungu lapitali ndinazindikira madzulo kuti tsiku lonse sindinatsegule pakamwa, kupatula poimba kutchalitchi.

Andipatsa masamu a Giredi 8, ana makumi anayi ndi anayi. Ena amafika mochedwa chifukwa njovu zimatseka njira. Temu ikubwerayi tiyenera kulowa mu aljebura, koma momwe ndikuwaonera sindikudziwa kuti tidzalowera khomo liti.

Atate, ndikupempheni chinthu. Inu mwaphunzitsa zaka zambiri ndipo mukudziwa anthu. Ngati mungamve za mphunzitsi wa ku Katete kapena ku Sinda wofuna kubwera kuno, mundiuze tichite swapu, iye adzatenge malo anga ine nditenge ake. Sindingathe kukhala kuno. Komanso chimwalirireni amayi inu muli nokha m'nyumbamo, ndipo zimenezi sizindigoneka tulo.

Mundilembere za kumudzi zonse, ngakhale za nkhuku.

Ndine mwana wanu,
Thecla.

*

Katete.
26 Febuluwale, 2023.

Mwana wanga Nankhoma,

Kalata yako yafika, ndipo mphaka wa kwa aneba anailondola mpaka m'nyumba. Ndili bwino. Mwendo ukuyenda, umangodandaula m'mawa ngati mwini wake. Mvula yagwa yokwanira, nshawa zachita bwino, chimanga chokha ndicho chafiira pang'ono kumunsi kwa munda. Nkhuku zilipo zisanu ndi imodzi, yachisanu ndi chiwiri inapita ndi kabawi.

Za kusungulumwa ndamva. Ine pondituma koyamba ku Chama mu 1979 ndinalira sabata ziwiri, koma usauze mlongo wako Hillary, angandipeputse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komabe pempho lako ndalisunga, ndifunsafunsa. Za ine usade nkhawa. Munthu wosamva sasungulumwa, chifukwa ngakhale pali anthu kwa iye ndi chimodzimodzi.

Tsopano za ntchito. Ana ofooka pa masamu mankhwala ake ndi amodzi, matebulo. M'mawa uliwonse aimirire, ayambe pa 2 mpaka pa 12, ndipo wolakwa akhale chiimire. Ine ndaphunzitsa Giredi 5 zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo palibe mwana anatuluka m'manja mwanga osadziwa 7 kuchulukitsa ndi 8. Ena mwa iwo lero akuyenda pa galimoto, amandipatsa moni pamsika ine n'kumangogwedeza mutu. Iweyonso unaphunzira pa bolodi langa, ndipo taona pamene wafika.

Tsata buku, tsamba ndi tsamba, ulemekeze ahedi ako, umwe madzi owiritsa. Undilembere momwe anawo akuchitira.

Ndine atate wako,
Lazarus Nkhoma.

*

Nyamatope.
19 Malichi, 2023.

Okondedwa Atate,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ndaiwerenga kanayi, ndipo za ku Chama sindiuza munthu. Muli bwanji masiku ano? Chimanga chija chinatsitsimuka?

Matebulo ndinayesa. Atate, anawa matebulo amawadziwa, amaimba mokoma kuposa kwaya. Vuto lili pena. Ndinalemba pa bolodi 402 − 398. Mtsikana wina dzina lake Luciana, wamkulu pa onse, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anandandalika manambala bwinobwino ndi rula, napeza 196. Ndinamufunsa ngati yankholo silikumudabwitsa. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa za kumwezi. Tsono Luciana yemweyu Loweruka lililonse amakhala kudoko ndi amayi ake, kugawa nsomba m'milu, ndipo palibe wogula angamupusitse ngakhale kansomba kamodzi. Ndinati, "Luciana, ukakhala ndi nsomba 402, anthu n'kutenga 398, zatsala zingati?" Sanaganize n'komwe. "Zinayi, madamu." Ndinati nanga 196 wachokera kuti? Iye anati, "Izo ni za m'buku, madamu. Za m'buku siziyenderana na za ku doko."

Mawu amenewo anandilasa. Kwa anawa nambala ya m'kalasi ilibe kukula, ilibe kulemera. Ndi kachilembo kongotsata malamulo a aphunzitsi.

Tsiku lotsatira ndinawapatsa funso limodzi lokha:

8 + 4 = __ + 5

Mwa ana 44, ana 41 analemba 12. Awiri analemba 17, mmodzi anasiya pepala loyera. Palibe ndi mmodzi yemwe anapeza. Tangoganizani, Atate! Ana otere ndiwauze bwanji mu Meyi kuti pezani x?

Choncho buku ndalitseka kaye. Panja ndajambula mzere wa manambala ndi phulusa, kuchokera pakhomo la kalasi mpaka pamlambe, ndipo ana amayenda pamenepo ndi mapazi awo kuti aone kuti 398 ndi 402 ndi anansi. Asanawerengere chilichonse ndimayamba ndawafunsa kuti yankho likhala pafupi ndi chiyani. Manambala a pansi pa ziro tikuphunzirira pa mwala wa kudoko umene uli ndi mzere woonetsa pofika madzi, pamwamba pake ndi pansi pake.

Ahedi sanakondwe. Ndi munthu wabwino, koma anandiitana n'kunditsegulira sikimu, ndondomeko ya maphunziro a temu. "Madamu Nkhoma, muli kumbuyo na masabata atatu. Akabwera a ku Boma kudzaona, muzakamba kuti munali kuyenda paphulusa?" Ndinapempha kuti andipirire mpaka pakati pa temu yachiwiri. Anavomera ndi nkhope yolemera.

Kuno ndilibe woti ndikambirane naye zimenezi. Inu nokha ndinu mphunzitsi amene ndingamufunse. Kodi ndalakwa? Za swapu mwamvapo kanthu?

Mwana wanu,
Thecla.

*

Katete.
2 Epulo, 2023.

Thecla mwana wanga,

Ndili bwino, chimanga chinatsitsimuka. Za swapu pali kafungo, koma nyama isanagwe sitinola mpeni.

Kalata yako yandidabwitsa. Ndavala magalasi, ndayang'ana funso lako, ndavula, ndapukuta, ndavalanso. Kodi ana 41 aja alakwa chiyani? 8 kuphatikiza 4 ndi 12, chiyambire dziko. Timizere tiwirito timatanthauza kuti yankho likubwera, ndipo mwana akationa alembe chimene wapeza. Akalemba 12, aphatikize 5 uja, apeze 17. Ine pa bolodi ndinkalemba choncho, 8 + 4 = 12 + 5 = 17, mzere umodzi woyera bwino, ndipo mainsipekitala ankayamikira. Ana ako ali bwino, funso lako ndilo lapindika. Wawachimwitsa ana osalakwa, ndipo ukawapepese.

Izi ndi zimene ndinkaopa ndi makoleji a masiku ano. Amakupatsani nzeru zambiri, mpaka chinthu choongoka mumachiona chokhota. Ahedi ako akunena zoona. Phulusa ndi la kuchimbudzi ndi kudimba. Bwerera ku buku usanadzipalire mlandu, pajatu sunatsimikizidwe pa ntchito. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Ndikuonanso kuti kutentha ndi kukhala wekha zayamba kukusokoneza. Sukulu ikatsekera bwera kuno udzapume. Ndidzakusungira maungu, ndipo tidzakhala pansi ndikuonetse momwe amayalira masamu pa bolodi. Undiuze tsiku, ndidzakuchingamire pa siteji.

Atate wako,
L. Nkhoma.

*

Katete.
14 Meyi, 2023.

Thecla,

Iyi ndi kalata yachitatu chilembere iwe mu Malichi. Ya pa 2 Epulo sunayankhe. Ya pa 20 Epulo sunayankhe. Holide yatha, sunabwere. Hillary anatuma mawu kuchokera ku Lusaka kuti unamuuza pafoni kuti watsalira kuphunzitsa ana pa holide. Mwina ndi zoona. Koma ine ndinakubala, ndikudziwa kuti ukakhala chete ndiye kuti zinthu zakufika pakhosi. Uli mwana unkatero, ukadwala sunkalira, unkangoyang'ana khoma.

Ngati ahedi akukuvutitsa, kapena wadwala malungo, kapena malowo akulemera, usachite manyazi. Ndinalakwa kukuuza za mwana wa ng'ona. Si mwana aliyense ali ng'ona.

Tsono tamvera nkhani yabwino. Swapu yapezeka. Pali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya pafupi ndi kwathu kuno, Mayi Juliet Daka. Amuna awo amagwira ntchito ku Luangwa Boma, ndipo chaka chino ndi chachinayi banja lili pawiri. Nditawauza za iwe anagwada pansi mayi wamkulu, kundigwira manja. Iwo asayina kale, ahedi awo asayina. Fomu ndaika m'kalata muno. Usayine pamene ndachonga ndi pensulo, ahedi ako adinde, unditumizire msanga. Iyenera kulowa mu ofesi ya maphunziro pasanafike pa 30 Juni kuti temu yachitatu udzayambire kuno.

Sukuluyo ndi mtunda wa mphindi makumi awiri pa njinga kuchokera pakhomo pano. Ndayesa ndekha.

Maungu ndinawasunga mpaka anayamba kuola, ndapatsa nkhumba za aneba. Yankha, mwana wanga, ngakhale mizere iwiri.

Atate wako.

*

Kanyama, Lusaka.
28 Meyi, 2023.

Thecla mlongo wanga,

Uli bwanji? Ife tiliko, mlamu wako ndi ana akupereka moni. Foni yako ndayesa sabata yonse, sikulowa, ndiye ndapatsa kalatayi dalaivala wa minibasi ya kwanuko ku Feira pamodzi ndi shuga ndi sopo.

Ine sindidziwa kulemba zokometsera, ndingokuuza. Ndinali ku Katete sabata yatha. Mudala wathu, atate, waonda. Masana alionse amapita pa siteji kukadikira mabasi ochokera ku Lusaka, kufunsa kondakitala aliyense ngati ali ndi kalata ya ku Briji. Makondakitala afika pomupatsa dzina, akuti Bwana Envulopu. Za swapu yakoyo wapita ku ofesi kanayi pa njinga ndi mwendo uja. Ulendo wina anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka anthu kuweruka, chifukwa dzina lake analiitana kawiri iye osamva, ndipo anachita manyazi kufunsa. Anandiuza ndi mlonda wa pamenepo, yekha sakananena.

Amaphika kamodzi patsiku. Wailesi ya amayi amaitsegulabe ngakhale samva kanthu, ati m'nyumba muzioneka ngati muli anthu.

Unapempha wekha swapu, walira mvula walira matope. Sindikudziwa chimene mwayambanirana, iye akuti palibe. Koma ngati ukufuna kukhala kumeneko ndi njovu zako, muuze poyera. Usamusiye mkulu akuima pamsewu ngati wopempha lifiti. Ine sindingachoke pa ntchito, ukudziwa, ndipo kuno kutauni anakana kubwera.

Sayina fomuyo.

Hillary.

*

Nyamatope.
11 Juni, 2023.

Okondedwa Atate,

Ndagwada, mundikhululukire. Makalata anu onse atatu anafika. Sindinadwale, ahedi sakundivutitsa. Ndinakhala chete chifukwa ndinasowa poyambira, ndipo holide sindinabwere chifukwa ndinaopa kukhala nanu pansi ndi choko m'manja. Kalata ino ndailemba kasanu kuyambira mu Epulo, zinayi ndinang'amba. Achimwene a Hillary andiuza zimene kukhala chete kwanga kwakuchitani, ndipo ndachita manyazi kwambiri.

Chimene ndinalephera kunena ndi ichi. Atate, yankho si 12.

Mwana sawongola bambo ake, ndikudziwa. Inu ndinu munandigwira dzanja polemba nambala yoyamba. Koma ndikapitiriza kubisa ndiye kuti ndikukunamizani, ndipo inu simunandilere choncho. Timizere tiwiri tija sitinena kuti yankho likubwera. Timanena kuti cha kumanzere ndi cha kumanja n'zolemera mofanana. Kumanzere kuli 12. Kumanja kukakhala 12 + 5 ndiye kuti tanena kuti 12 ndi 17 ndi chinthu chimodzi. Ku pulayimale mwana amadutsa nazo, chifukwa mafunso onse yankho limakhala kumapeto. Akafika pa aljebura amagwa, poti kumeneko zonse zimatsamira pa kusunga mbali ziwiri zofanana. Ineyo ndinagwa pamenepo mu Giredi 8, ndipo ndinadzuka mochedwa, ku koleji. Sindinakuuzenipo.

Pa holide ndinatsaladi ndi ana. Tinamanga nsungwi ndi chingwe pakati, n'kuipachika pa mtanda wa denga la kalasi, uku ndi uku tinapachika zigubu zodula zofanana. Kumanzere tinathira makapu 8 a madzi, kenako 4. Kumanja tinathira 5. Nsungwi inapendama. Ndinati thirani mpaka igone mowongoka, muziwerenga. Atafika pa kapu yachisanu ndi chiwiri kalasi yonse inakuwa. Luciana anaimirira osapempha n'komwe, nati, "Madamu, kansi ni monga kupakira mwadiya! Ukaika thumba uku, uikenso uku. Ukachotsa uku, uchotsenso uku, apo ayi mumwa madzi monse." Mwadiya ndi bwato m'chinenero chawo. Ine zaka zitatu za ku koleji sindinapeze mawu abwino ngati amenewo.

Sabata yatha ndinaika mwala wokutidwa ndi nsalu m'chigubu chimodzi, pamodzi ndi makapu 3, kwinako makapu 10, nsungwi n'kugona bwino. Ndinafunsa kuti mwalawo ukulemera makapu angati. Ana 29 anapeza, ndipo anatha kufotokoza chifukwa chake. Atatero ndinalemba pa bolodi x + 3 = 10, n'kuwauza kuti zimene mwachitazi dzina lake ndi aljebura. Anaseka, ati madamu mutinamiza, aljebura ni yovuta. Ahedi anaima pazenera nthawi yonseyo. Mawa lake ananditumizira bokosi la choko.

Otsala 15 sanafike. Enanso mwa 29 aja ndikachotsa nsungwi amabwerera ku zakale. Akufunika chaka china, mpaka mayeso a Giredi 9. Amayi ake a Luciana anali atanena kuti mwanayo asiye sukulu temu ino azithandiza kudoko, ndipo ndinawapempha kuti amusiye m'manja mwanga mpaka mayesowo. Anavomera chifukwa ndinalonjeza kuti ndidzakhalapo.

Kusungulumwa sikunathe, Atate. Madzulo ndimakhalabe pakhomo ndekha. Koma m'mawa ndimadzuka ndi chofulumirira, ndipo ndikanakhala ndekha pa dziko ndikanati ndikhale.

Koma sindili ndekha pa dziko. Swapu ndinapempha ndine, inu mwaivutikira ndi mwendo wodwala, Mayi Daka akudikira, ndipo inu mukudya kamodzi patsiku. Fomu ndasayina, ahedi adinda dzulo mosafuna. Ili m'kalata muno. Mukaipereke. Ndidzawalembera Mayi Daka zonse za mwana aliyense, mwina adzapitiriza. Ana sindinawauze, ndikusowa nkhope yowauzira.

Musandikwiyire chifukwa cha 12 uja.

Mwana wanu,
Thecla.

*

Katete.
2 Julayi, 2023.

Mwana wanga Nankhoma,

Kalata yako inafika pa 19 Juni. Ndili bwino. Hillary ndi wokokomeza, ndimaphika kawiri, ndipo ndikadzamuona adzandiuza amene anamutuma ukazitape.

Ndinakwiya, ndisakunamize. Masiku awiri kalatayo inagona pansi pa Baibulo. Ndinkati kamwana kamene ndinakaphunzitsa kugwira pensulo lero kakundiyika pa benchi la Giredi 1. Tsiku lachitatu ndinati ndikatsutse bwino ndi umboni. Ndinatenga ndodo yanga ija yolozera pa bolodi, imene inalawa zikhatho za theka la Katete, ndinaimanga pakati ndi kuipachika pa nthambi ya mango. Uku ndi uku ndinapachika mbale ziwiri za amayi ako. Makapu a madzi ndinaona ngati achibwana, ndinatenga misomali yotsala pokhoma malata. Kumanzere 8 ndi 4. Kumanja 5, n'kuwonjezapo 12 wanga uja. Mbale ya kumanja inatsika mpaka kugunda pansi, nkhuku n'kuthawa. Ndinayamba kuchotsa umodzi umodzi. Ndodo inagona mowongoka nditatsala ndi 7 pamwamba pa 5 uja.

Ndinabwereza katatu, mwina mphepo. Sinali mphepo.

Ndinakhala pansi pa mango paja nthawi yaitali. Zaka 32, kalasi lililonse ana ngati 50. Wekha ukudziwa kuyerekeza, ndi ana oposa 1,500. Onsewo ndinawatumiza ku sekondale ndi mzere wanga woyera uja, ndipo akagwa pa aljebura tinkati ana a masiku ano ndi aulesi. Ena ndinawamenya ndi ndodo yomweyo chifukwa cholemba mosiyana ndi ine, mwina iwo ndiwo ankaona bwino. Ndi iwe yemwe unagwa, pakhomo panga, ukudya nane mbale imodzi, ine osadziwa. Zandiwawa kwambiri, mwana wanga. Sindinakukwiyire iwe ayi. Ukanandiuza mu Epulo ndikanakwiya masiku awiri omwewo, ndipo maungu ukanadya.

Tsono za fomu. Pa 30 Juni padutsa dzana. Fomuyo sindinaipereke. Ndaibweza m'kalata muno, uchite nayo zimene ufuna, ngakhale kuyatsira mbaula.

Ndinanyamuka nayo ndithu Lachitatu, nditavala jekete, mpaka pachipata cha ofesi. Ndinaima pamenepo ndi njinga, n'kuganiza za ana 15 aja, ndi za mayi wa kudoko amene unamulonjeza. Ana anga 1,500 sindingawaitanenso kuti bwerani ndikonze. Ako 44 akadali pa benchi. M'mera m'poyamba. Ndinatembenuza njinga.

Chovuta chinali kwa Mayi Daka. Ndinapita ndekha kukawauza, sindinatume munthu. Analira, nanena mawu ambiri. Mwamwayi sindinamve onse, koma nkhope ndinaiwerenga, ndipo sanalakwe. Anali atayamba kale kumanga katundu. Ndawalonjeza kuti ndiyendanso m'maofesi kuwafunira wina wa ku Luangwa wofuna kubwera kuno, ndipo ndidzayenda mpaka apezeke. Mlandu umenewu ndi wanga, iwe usaulowe. Hillary ndimuuza ndekha.

Usaganize kuti ndachita izi chifukwa sindikukufuna. Tsiku lija ndinakuuza kuti wosamva sasungulumwa ndinanama. Amasungulumwa kuposa onse. Swapu ija ndinkaithamangira ndinkati ndikupulumutsa iwe, koma theka lake ndinkadzipulumutsa ndekha. Ndakhala mphunzitsi nthawi yaitali moti sindingachotse mphunzitsi pakati pa phunziro kuti adzandiphikire ndiwo. Khala, umalize. Ukawafikitse pa mayeso, ndipo Luciana ameneyo umuuze kuti mkulu wina wa ku Katete wamuvulira chipewa.

Chimodzi chokha ndikupempha. Usadzakhalenso chete. Ukaona ndalakwa, lemba. Ndili ndi zaka 68, manyazi sangandiphe.

Chipinda chako ndinachipaka laimu sabata imene ndinakutumizira fomu, ndinakonzanso zenera ndi kugula keteni yabuluu. Usadandaule, sizinapite pachabe. Nshawa zachuluka chaka chino, ndaziika m'menemo. Ukadzabwera mu Disemba tidzazisuntha.

Ndine atate wako,
Lazarus Nkhoma.